Sukulu Akatseka Chifukwa cha Mliri: Zomwe Kholo Lingachite Kuti Mwana Asasiye Kuphunzira

Funso lake limakhala lomwelomwelo, kaya labwera pafoni kaya pa WhatsApp: "Aphunzitsi, sukulu atseka, nanga mwanayu ndizimutani pakhomo pano?" Ena amafunsa ngati agule tabuleti, ena amafuna dzina la pulogalamu ya pafoni yophunzitsa masamu, ena nkhawa yawo ndi yoti mwana adzabwereza kalasi. Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti aliyense wofuna aziwerenga yekha. Ndikulembera makamaka inu amene mukulera ana a pulayimale, chifukwa ana amene angoyamba kumene kuwerenga ndi amene amaiwala msanga sukulu ikaima.

Pa 11 Marichi 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pasanapite nthawi, kutsekedwa kwa sukulu kunakhudza ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni m'mayiko oposa 190, ndipo maphunziro anasamukira pa intaneti, pa wailesi, pa TV ndi m'mapepala otumiza kunyumba. Koma kutumiza phunziro ndi kwina, kuti mwana aphunzire ndi kwinanso. Ku Netherlands, komwe pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi intaneti, sukulu anatseka milungu 8 yokha. Ofufuza ataunika zotsatira za mayeso a ana pafupifupi 350,000 anapeza kuti m'milungu imeneyo ana sanapite patsogolo kwenikweni, ndipo amene anatsalira kwambiri ndi ana a makolo omwe sanapite patali ndi sukulu. Ngati zinali choncho komwe zipangizo zili mbwee, ndiye kuti chipangizo pachokha sichiphunzitsa mwana. Chimene chimathandiza ndi munthu wamkulu amene akudziwa pomwe mwana wafika, n'kumuyambira pomwepo.

1. Lankhulani ndi mphunzitsi sabata yoyamba yomweyo

Musadikire kuti sukulu ikuitaneni. Pezani nambala ya mphunzitsi wa kalasi ya mwana wanu, mumufunse mitu yomwe anali ataphunzitsa kale teremu imeneyi, njira yomwe azitumizira ntchito, komanso tsiku lomwe mungamamuyimbire osamusokoneza. Kumbukirani kuti naye ali ndi banja, ndipo mliri womwewo ukumuopsanso. Ngati sukulu ikubwereketsa mabuku, katengeni msanga asanathe.

2. Gwirani njira imodzi yomwe muli nayo kale

Sukulu zikamanena za "kuphunzira patali" zimatanthauza kuti mphunzitsi ali kwina, mwana ali kwina. Pali phunziro la "layivi", pomwe mphunzitsi amayankhula nthawi yomweyo pa Zoom kapena Google Meet ndipo mwana ayenera kulowa pa ola lomwe apangana. Limeneli limadya bandulo kwambiri, ndipo netiweki ikangodula phunziro lapita. Palinso phunziro lojambuliratu, vidiyo kapena mawu, lomwe mumatsitsa kamodzi n'kumalibwereza momwe mungafunire. Kwa mwana wamng'ono lojambuliratu ndi labwino, chifukwa mutha kuliimitsa pakati n'kumufunsa zomwe wamva. Mukamva za "kuphunzira kosakaniza", akunena zoti masiku ena mwana ali kusukulu, masiku ena akuphunzirira kunyumba, kuti m'kalasi musamadzaze.

Ngati mulibe intaneti, musadzione ngati mwamulakwira mwana. Mu Ogasiti 2020 bungwe la UNICEF linanena kuti ana osachepera 463 miliyoni, mmodzi mwa ana atatu alionse a sukulu padziko lapansi, sanafikiridwe ndi maphunziro apatali sukulu zitatsekedwa. Komanso kuphunzira pa nthawi ya mliri sikunayambe ndi intaneti. Mu 1937 matenda a poliyo atabuka mumzinda wa Chicago, ana oposa 300,000 anaphunzira kudzera pa wailesi, nyuzipepala zikusindikiza ndandanda ya maphunziro. Dziko la Sierra Leone linachitanso chimodzimodzi ndi wailesi pa nthawi ya Ebola mu 2014 ndi 2015.

Chitsanzo chomwe chimandilimbitsa mtima kwambiri ndi cha ku Botswana. Mu 2020 bungwe la Young 1ove linayesa njira yotchipa pa mabanja pafupifupi 4,500. Mabanja ena ankangolandira uthenga wa pafoni wokhala ndi masamu ochepa sabata iliyonse. Ena ankalandira uthenga womwewo, kenako munthu ankawayimbira kwa mphindi 15 mpaka 20 n'kuwerengera limodzi ndi mwana, kholo likumvetsera. Uthenga wokha sunasinthe zambiri, koma ana omwe ankayimbiridwanso foni anapita patsogolo pa masamu. Imeneyo inali foni wamba ya mabatani.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kulowa m'ngongole pofuna kugula foni yamakono, kenako n'kuidzaza ndi mavidiyo ambirimbiri omwe palibe amene akuwatsatira. Ngati muli ndi wailesi, yambani ndi wailesiyo. Ngati muli ndi buku limodzi ndi pensulo, zakwana kuyambira.

3. Yezani pomwe mwana ali kwenikweni

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pomwe ndikufuna tikhalitse. Makolo ambiri amatenga buku la kalasi ya mwana, n'kutsegula pomwe aphunzitsi analekezera, n'kuyamba. Pakatha masiku ochepa mwana akulira, kholo lapsa mtima, buku labwerera m'chikwama. Nthawi zambiri vuto silikhala ulesi. Kalasi imangosonyeza zaka zomwe mwana wakhala pasukulu, osati zomwe akudziwa. Pomugulira nsapato mumayeza phazi, simufunsa kuti ali sitandade chani, ndipo phunziro limafunika kuyezedwa momwemo.

Musadabwe mukapeza kuti ali m'mbuyo kuposa momwe mumaganizira. Lipoti la mu 2022 la World Bank, UNESCO, UNICEF ndi mabungwe ena linayerekeza kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, ana 70 mwa 100 alionse a zaka 10 sankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Mliri usanafike anali kale 57 mwa 100. Choncho mpata umenewu unalipo kale, kungoti unkabisika m'kalasi yodzaza momwe ana amayankhira limodzi mofuula.

Njira yomwe ndikupatseni ndi yochokera ku bungwe la Pratham la ku India, lomwe limagawa ana potengera zomwe akutha kuchita osati kalasi yawo. Ine ndimangowonjezapo maphatikizo. Tengani pepala, mulembe ndi dzanja zilembo zazikulu zooneka bwino, m'chilankhulo chomwe mwana anayambira kuwerenga. Lembani magawo asanu. Gawo loyamba likhale zilembo 10 zosakanizasakaniza, osati motsatana ngati a, b, c. Lachiwiri maphatikizo 10, monga ka, mo, tsi, nda. Lachitatu mawu 10 afupiafupi omwe amawamva tsiku ndi tsiku. Lachinayi ndime ya ziganizo zinayi zazifupi. Lachisanu kankhani ka ziganizo 8 kapena 10, ndipo mukonzeretu mafunso awiri ochokera m'kankhanimo.

Yambirani pakati, pa ndime ija. Akaiwerenga ngati munthu amene akuyankhula, osalakwitsa mawu oposa atatu, mupatseni kankhani ndipo akamaliza mumufunse mafunso aja. Akamajejema, kapena akamawerenga liwu limodzilimodzi ngati akuwerenga mndandanda wa mayina, tsikirani pa mawu. Asankhe yekha asanu, ndipo akakhoza anayi ndiye kuti ali pa mawu. Akalephera pitani pa maphatikizo, kenako pa zilembo. Gawo lapamwamba lomwe wakhoza popanda thandizo ndi pomwe ali. Lembani zimenezo m'kope pamodzi ndi deti.

Samalani ndi zinthu izi. Musagwiritse ntchito buku lake la kusukulu, chifukwa ana amaloweza pamtima ndipo atha "kuwerenga" tsamba lonse maso ali kwina. Ndimeyo mulembe nokha. Musamuyambire liwu, ngakhale pakamwa pakuyabwa. Mukangoti "ma..." iye amaliza "madzi" mongoganizira, ndipo inu muganiza kuti wawerenga. Werengani chamumtima mpaka 5, kenako nenani modekha kuti "tiyeni tione lotsatira". Musamuyeze pamaso pa abale ake, makamaka ngati wamng'ono amawerenga bwino kuposa iye. Ndipo yang'anirani nkhope yanu. Mwana amaona tsinya msanga kuposa momwe amaonera chilembo, ndipo akachita mantha amaiwala ngakhale zomwe akuzidziwa.

Masamu muyese tsiku lina. Yambani ndi kuwerenga manambala, kuyambira 1 mpaka 9, kenako a manambala awiri monga 17, 40 ndi 71. Mukatero mupatseni 38 + 25, kenako 52 − 17, kenako 14 × 3, pomaliza 96 ÷ 4, ndipo muime pomwe wakanika. Apa musangochonga kapena kuthetha. Yang'anani yankho lolakwikalo, chifukwa ndi lomwe likuuzeni choti muphunzitse. Akalemba kuti 38 + 25 ndi 513, kuphatikiza akukudziwa: wapeza 13 kuchokera pa 8 ndi 5, wapeza 5 kuchokera pa 3 ndi 2, koma sakudziwa kuti khumi la mu 13 liyenera kusamukira ku makumi. Akalemba kuti 52 − 17 ndi 45 m'malo mwa 35, ndiye kuti pa mzere uliwonse akungochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 2 pa 7 ndi 1 pa 5, chifukwa kubwereka sanakumvetse. Ana awiri onsewa vuto lawo ndi limodzi, sakuona kusiyana kwa makumi ndi maumodzi, ndipo kuwapatsa masamu ogawa pa nthawi imeneyi ndi kungowazunza.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si mayesowo, koma kuvomereza zomwe mwapeza. Zimapweteka kuona kuti mwana wa sitandade 5, amene mwamulipirira zambiri ndipo malipoti ake amaoneka bwino, akadali pa mawu. Mtima umafuna kukana, kapena kukalipira mwana, kapena kuimba mlandu aphunzitsi. Dzipatseni usiku umodzi musananene kanthu. Kwa mwanayo musatchule mawu oti "walephera". Muuzeni zoona, koma zomwe angathe kuzisenza: "Mawu ukuwatha bwino, tsopano tiyamba kuwalumikiza kuti akhale ziganizo." Mwana wamkulu amachita manyazi ndi zinthu za ana aang'ono, choncho musamupatse buku la sitandade 1 la zithunzi zomwe akuzidziwa. Mulembereni nokha ziganizo zosavuta zokhudza zomwe amakonda, kaya mpira, nyama kapena magalimoto.

4. Phunzitsani kuchokera pomwe mwamupeza

Amene ali pa zilembo, muphunzitseni kamvekedwe ka chilembo osati dzina lake lokha, zilembo ziwiri kapena zitatu pa tsiku, kuyambira a, e, i, o, u. Azilembe, azitchule, azifufuze pa chilichonse cholembedwa chomwe chili m'nyumba. Amene ali pa maphatikizo, dulani timapepala, kalikonse kakhale ndi phatikizo limodzi, aziyala n'kumapanga mawu. Amene ali pa mawu kapena ndime, muuzeni kuti akufotokozereni zomwe anachita dzulo, inu mulembe ziganizo zake zomwezo, kenako aziwerenge katatu: koyamba pamodzi ndi inu, kachiwiri yekha, kachitatu mofulumirirapo. Amene ali pa kankhani aziwerenga mokweza tsiku lililonse, ndipo mafunso anu asamangokhala "ndani" ndi "kuti". Muzifunsanso "chifukwa chiyani" ndi "ukanakhala iwe ukanatani".

Pa masamu, mangani timitengo m'mitolo ya khumikhumi. Nambala 52 ikhale mitolo isanu ndi timitengo tiwiri. Muuzeni achotsepo 17. Adzaona yekha kuti pa tiwiri sangachotsepo 7, ndipo ayenera kumasula mtolo umodzi. Kumasula mtoloko ndiye kubwereka kumene. Achite ndi manja kangapo asanabwerere pa pepala.

Nanga ntchito yomwe sukulu ikutumiza? Musaitaye, koma isatenge nthawi yonse. Gawo lalikulu la nthawi lipite pomwe mwana ali, lotsalalo muwerengere limodzi ntchito ya kusukulu, inu mukumuwerengera mafunso iye akuyankha pakamwa. Chomwe simuyenera kuchita ndi kumulembera mayankho kuti aphunzitsi aone zokongola. Mukatero mwabisa chinthu chokhacho chomwe mphunzitsi amafunika kudziwa. Pakatha milungu itatu kapena inayi muyezeninso ndi ndime yatsopano, ndipo akakwera gawo, muonetseni m'kope muja pomwe anali.

5. Ikani nthawi yochepa koma yosaphonya

Simukufunika maola asanu ngati kusukulu, komwe mphunzitsi mmodzi amagawa nthawi yake kwa ana ambiri. Kwa mwana wamng'ono, mphindi 20 za kuwerenga ndi 20 za masamu, ndi kupuma pakati, zakwana. Wamkulupo atha kufika ola limodzi ndi theka. Chofunika n'choti likhale ola lomwelo ndi malo omwewo tsiku ndi tsiku. Ngati foni ndi imodzi ana ndi atatu, lembani ndandanda muimate pakhoma, ndipo mwana akakhala pa intaneti azikhala pomwe inu mukumuona.

Yang'anitsitsani amene akusenza ntchito zapakhomo. Sukulu ikatsekedwa, kawirikawiri mwana wamkazi ndiye amasanduka wolera ana ndi wosamalira odwala, mchimwene wake ali ndi buku. Ola lake lophunzira lisakhudzidwe, ngakhale ntchito ichedwe.

Pa nthawi ya mliri m'nyumba mumakhalanso mantha, mwina maliro. Mwana amene sakugona bwino kapena wataya munthu amene amamukonda sangagwire phunziro ngati kale. Masiku otero chepetsani, muzingomuwerengera nkhani, koma musasiyiretu kukhala naye pansi pa ola lija.

6. Phunziro la pa wailesi kapena vidiyo likatha, tsekani zonse mumufunse

Mwana atha kukhala phee kutsogolo kwa wailesi kwa theka la ola osatolapo kanthu. Phunziro lisanayambe akhale ndi kope ndi pensulo, ndipo mphunzitsi wa pa wailesi akafunsa funso, aziyankha mokweza. Likatha, tsekani wailesi ndi kope, anene zomwe akukumbukira. Mawa lake mumufunsenso musanayambe zatsopano, ndipo pakatha sabata mumufunsenso kachitatu.

Izi si zongoganiza. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anaonetsa kuti ophunzira omwe anatseka zomwe awerenga n'kuyesa kuzikumbukira anasunga zambiri patatha sabata kuposa omwe anangowerenga mobwerezabwereza. Kuwerenganso kumapatsa munthu chikhulupiriro choti wadziwa chifukwa mawu akuoneka ozolowereka, koma kudzikoka kuti ukumbukire ndi komwe kumakhazikitsa zinthu m'mutu. Amene akukonzekera mayeso a boma njira imeneyi ndi yawonso: mafunso a zaka zam'mbuyo, buku litatsekedwa, wotchi ikuyenda.

7. Ngati inu simudziwa kuwerenga, kapena simukhala pakhomo masana

Gawo lanu likadalipo. Mutha kusunga ola lophunzira, kukhala pambali pake, ndi kumuuza kuti akuphunzitseni zomwe wamva. Mwana amene akufotokozera kholo lake amazindikira yekha pomwe sanamvetse. Nthano zomwe mumamusimbira ndi mafunso omwe mumamufunsa pambuyo pake zimamuwonjezera mawu, ndipo mawu amenewo ndi omwe adzakumane nawo m'buku. Kuyeza kuja pemphani mkulu wake kapena wachibale wodziwa kuwerenga kuti akuchitireni, ngakhale pafoni pa nkhani ya masamu. Zosonkhanitsa ana a nyumba zingapo kuti aziphunzira limodzi muchite pokhapokha ngati azaumoyo alola, ndipo mutsatire zomwe alangiza pa matendawo.

8. Sukulu akatsegula, abwerere tsiku loyamba

Mwana akakhalitsa pakhomo, kubwerera kumavuta. Ku Uganda sukulu zinatsegulidwa kwathunthu mu Januwale 2022 patatha pafupifupi zaka ziwiri, ndipo pofika nthawi imeneyo ana ena anali atayamba ntchito, ena ali pabanja. Ku Sierra Leone atsikana ambiri anatenga mimba sukulu zili zotseka pa nthawi ya Ebola, ndipo boma linaletsa oyembekezera kubwerera m'kalasi mpaka lamulolo linachotsedwa mu 2020. Ngati mwana wanu wayamba kupeza ndalama kapena zamuchitikira zina, musaganize kuti sukulu yathera pomwepo. Pitani mukakambirane ndi mphunzitsi wamkulu za momwe angabwererere, ndipo chitani zimenezi tsiku lotsegulira lisanafike.

Popita tengani kope lija. Muonetseni mphunzitsi pomwe munamupeza mwana ndi pomwe wafika. Sukulu zambiri zikatsegula zimathamanga kuti zimalize silabasi, ndipo ana omwe anatsalira amatsaliratu. Funsani ngati pali makalasi othandiza otsalira m'mbuyo, komanso ngati ana ayesedwa kaye asanayambe mitu yatsopano. Za kubwereza kalasi musagamule mwa mantha kapena mwa manyazi. Yang'anani zomwe zili m'kopemo pamodzi ndi mphunzitsi, chifukwa mwana amene wangotsala gawo limodzi atha kuwapeza anzake asanathe teremu ngati akuthandizidwa. Pakatha mwezi sukulu ili mkati muyezeninso, ndipo ngati sanafike powerenga kankhani n'kuyankha mafunso ake, pitirizani mphindi 20 zija madzulo aliwonse akaweruka.